Literature, masewero ndi kalembedwe ka Chizungu: mafunso amene ana asukulu ndi makolo a ku Chipata amandifunsa

Ndaphunzitsa Chizungu ndi Literature in English zaka zambiri m'masukulu a sekondale kuno kum'mawa. Mafunso ali m'munsiwa ndawamva kambirimbiri: ena m'kalasi, ena pamsonkhano wa makolo, ena pamsika wa Kapata, mayi atandigwira mkono ndili pakati posankha matimati. Mayina ena a phunziroli ndawasiya m'Chizungu dala, chifukwa ndi momwe mudzawapezere papepala la mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zambia.

Mwana wanga akufuna unesi. Nanga Literature imuthandiza chiyani?

Funso ili amakonda kufunsa ndi azibambo, ndipo ndimawamvetsa. Ngakhale boma linachotsa malipiro m'masukulu ake mu 2022, yunifolomu, nsapato ndi makope zimachokerabe m'thumba la nshawa. Kholo limafuna kuona kumene thukuta lake likupita.

Nesi amalemba lipoti la wodwala loti mnzake wa usiku awerenge osasokonezeka. Amamvetseranso mayi amene pakamwa akuti mwana wangotentha thupi pang'ono, pomwe maso ake akunena zina. Literature ndi phunziro limene mwana amatha zaka akudzifunsa kuti: akuyankhula ndani, akuuza ndani, amene akumvayo akudziwa kale chiyani, nanga chikubisidwa n'chiyani? Palinso china chogwirika. Makoleji ndi mayunivesite ambiri salandira munthu wopanda kirediti m'Chizungu, ndipo Chizungu chimakula ndi kuwerenga. Mwana amene wamaliza mabuku angapo athunthu amalemba kompozishoni yosiyana kwambiri ndi ya mnzake amene anangowerenga manotsi.

Chizungu changa n'chosalimba. Kodi ndingakhoze?

Mungakhoze. Chimene chikukusowani ndi mawu, osati nzeru za nkhani. Nzeruzo munayamwira. Munayamba kuyankha kuti "Tili tonse" musanadziwe kugwira pensulo, ndipo munkadziwa pomwe agogo akusintha mawu kuti akhale Fisi ndi pomwe akubwerera kukhala wofotokoza. Akuluakulu akukumbukira Julius Chongo pa wailesi m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi akuyankhula mawu a anthu onse a m'nkhani, mudzi wonse uli zii kuzungulira kawailesi kamodzi. Zimene ankachitazo ndi zomwe mabuku a Literature amazitchula ndi mayina a Chizungu. Ntchito yanu ndi kulumikiza dzina lachilendolo ndi chinthu chimene mukuchidziwa kale.

Nanga ma dramatic devices amene amativutitsawa ndi chiyani kwenikweni?

Ndi njira zimene wolemba sewero amagwirira mtima wa oonerera. Wolemba buku lankhani angathe kungotiuza kuti munthu uyu akunama. Wolemba sewero alibe mwayi umenewo. Ali ndi anthu oyankhula, bwalo, ndi ife amene takhala pansi. Choncho amasewera ndi zimene ife tikudziwa ndi zimene anthu a m'seweromo sakudziwa.

Ndipereke chitsanzo changachanga. Sewero likuyamba mbandakucha. Bambo wina akugulitsa ng'ombe ziwiri zolimira zimene mkazi wake anasiyiridwa ndi malume ake. Walandira ndalama, wazipinda, wazilowetsa m'sokosi. Chochitika chachiwiri tili pakhomo. Apongozi abwera kudzacheza, ndipo mayi akupeta mphale uku akuyamikira mwamuna wake: "Atate ake a mwana ngosamala, amayi. Lero adzuka nkhuku zisanatsike, ati apititse ng'ombe kudipi." Mukachita sewero limeneli pabwalo lililonse kuchokera ku Vubwi mpaka ku Chadiza, mumva azimayi akuti "Mayo ine!" Imeneyo ndiye dramatic irony: ife tikudziwa, woyankhulayo sakudziwa, ndipo mawu ake abwinobwino asanduka minga.

Shakespeare, wolemba masewero wa ku England, anachita zomwezi m'sewero lake la Macbeth. Mfumu Duncan ikufika panyumba pa Macbeth, ikuyamikira malo ndi kamphepo kake kabwino, pomwe ife tamva kale eni nyumba akupangana zoipha usiku womwewo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana amene wamvetsa mwambi umenewu wagwira kale mfundo yaikulu imodzi ya sewero lonselo.

Tibwerere kwa bambo wa ng'ombe uja. Onse achoka, watsala yekha pabwalo. Watulutsa ndalama zija, ndipo akuyankhula zakukhosi: za kaloba amene anatenga kuti agule feteleza, mvula n'kudula, za mwini ndalama amene walonjeza kudzazula malata. Imeneyo ndi soliloquy. Munthu ali yekha, ndipo mwambo wa masewero ndi wakuti zimene akunena ndi zimene zilidi mumtima mwake. Taonani zimene yatichita: mphindi zapitazo timamuda, tsopano tayamba kumumvera chisoni, ngakhale sitikuvomereza zimene wachita. Aside ndi yosiyana. Anthu ena alipo, koma iye akutembenukira kwa ife n'kunena mawu ochepa, monga "Akadadziwa!", anzakewo n'kukhala ngati sanamve. Ana ambiri amasokoneza ziwirizi, ndiponso amazisokoneza ndi monologue, amene ndi mawu aatali oyankhulidwa kwa anthu ena amene akumvetsera. Dzifunseni kokha kuti: pabwalo pali ndani, ndipo akumva ndani?

Foreshadowing simufuna kuifotokozera munthu wa kuno. Kadzidzi akalira padenga, aliyense amayang'ana mnzake. Mu Macbeth namonso kadzidzi akulira usiku umene mfumu ikuphedwa, ndipo mawu a afiti atatu aja akulosera zam'tsogolo kuyambira pachiyambi. Comic relief ndi nthabwala yoikidwa pakati pa zoopsa kuti mtima upume. Mwaonapo pamaliro, abale athu Achibemba akupaka ufa Angoni m'dzina la chimbuya, anthu n'kuseka misozi ili m'maso? Chisoni sichinathe, koma chapepuka pang'ono kuti anthu athe kuchisenza. Mlonda wapachipata woledzera amene akutulukira Duncan atangophedwa akugwira ntchito yomweyo, ndipo pamene ife tikuseka, kugogoda kwa pachitseko kukupitirira, mtembo uli m'chipinda.

Chimodzi chimene ana amadumpha ndi ma stage directions, timawu tija tolembedwa mopendekera tonena kuti munthu walowa, wagwada, wakhala chete. Musatidumphe. Nthawi zina nkhani yonse yagona pa munthu amene anafunsidwa funso osayankha.

Pamayeso kungotchula dzina la device kumapatsa malikisi ochepa. Malikisi ali pa funso lotsatira: yatichititsa chiyani ife oonerera, ndipo yatiululira chiyani za munthuyo?

Chifukwa chiyani Chizungu cha Shakespeare n'chovuta chonchi, ndipo anthu ake amalankhula motalika?

Chifukwa ndi cha zaka zoposa 400 zapitazo. Iye anabadwa mu 1564 ku Stratford-upon-Avon, n'kumwalira mu 1616. Ngakhale ana a ku London amafunika kuwamasulira mawu ena. Choncho musadzione ngati operewera.

Kutalika kwa mawuko kuli ndi chifukwa chake. Bwalo la Globe, limene gulu lake linamanga mu 1599 m'mbali mwa mtsinje wa Thames, linali losafolera pakati, ndipo masewero ankachitika masana. Kunalibe magetsi oti azimitse kuti kukhale usiku. Ngati nkhani ikuchitika mumdima, munthu ankayenera kunena kuti kuli mdima, mpaka woonerera amene waima padzuwa auone. Osauka ankalipira kobidi imodzi n'kuonera choimirira. Mbali za akazi ankasewera ndi anyamata. Denga lozungulira linali la udzu, ndipo mu 1613 linapsa lonse moto wa mfuti yaikulu ya m'sewero utagwira udzuwo. Ndikawafotokozera ana zimenezi amati, "Ndiye kuti kunali ngati pabwalo la kwathu." Eya, kunali pafupi ndi bwalo la kwathu kuposa momwe kunaliri ndi filimu.

Pali chinthu china chimene inu mungachimve msanga kuposa mwana wa ku England wa lero. Mawu oti thou ndi thee ali ngati "iwe", pomwe you ali ngati "inu". Chizungu cha masiku ano chinataya kusiyana kumeneku, koma ife tili nako. Mukudziwa momwe m'nyumba mumazizirira munthu amene amati "inu" akasintha mwadzidzidzi n'kunena "iwe". Mukaona kusintha kotere m'sewero, imani, mufunse ngati ndi chikondi, mkwiyo kapena kunyoza.

Kalasi yathu ili ndi mabuku ochepa. Kodi pamfuleti ya manotsi siingakwanire?

Siingakwanire, ndipo pano ndiyankhula ndi mtima wonse. Chaka china ndinachonga mayeso a pakati pa chaka n'kupeza ana ambirimbiri alemba chiganizo chimodzimodzi, ndiponso onse alakwitsa dzina la munthu yemweyo. Nditafufuza ndinapeza kuti cholakwacho chinali m'kapamfuleti kamene ankagulitsana. Analoweza mokhulupirika, ndipo kanawagwetsa onse pamodzi. Zinandipweteka, chifukwa anali ana akhama amene ankagona mochedwa ndi kandulo.

Chaka chomwecho tinali ndi mabuku 7 okha m'kalasi ya ana oposa 60. Ndinawatulutsa panja, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi, n'kugawa mbali. Panali mtsikana wina wochokera kumudzi kufupi ndi Mtenguleni, amene chaka chonse sanakwezepo dzanja. Ndinamupatsa mbali ya mkazi wa Macbeth pamene akuyenda ali mtulo. Anavula nsapato, anadzifunditsa chitenje, n'kuyamba kutikita manja ake ngati akuchotsa chinthu chosachoka, maso ali tong'o koma osaona munthu. Mawu ena ankawatchula molakwika, koma palibe anaseka. Atamaliza, mnyamata wina wa kumbuyo anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti mayi uyu sanali wolimba mtima monga tinalembera m'manotsi. Ankangodzilimbitsa." Mfundo imeneyo sindinamuphunzitse. Anaiona ndi maso.

Sewero linalembedwa kuti liimirire ndi miyendo. Ndipo kuchitira panja si umphawi ayi, ndi mbiri yathu. University of Zambia itatsegulidwa mu 1966, sipanapite zaka zambiri ophunzira ndi aphunzitsi awo anayambitsa Chikwakwa Theatre, bwalo losafolera limene dzina lake linachokera ku chikwakwa chomwechi chotchetchera udzu, ndipo ankatenga masewero kupita nawo kumadera akutali m'zilankhulo za anthu. Masiku ano mipikisano ya NASAAZ, bungwe la zaluso m'masukulu, ikupereka mpata womwewo kwa ana asukulu. Ngati pasukulu panu pali kalabu ya masewero, lowani.

Mabuku akachepa, khalani m'magulu a anthu 8 kapena 10, mmodzi aziwerenga mokweza, ndipo aliyense akhale ndi kope lake lolembamo chochitika chilichonse m'mizere itatu: kunali ndani, chinachitika n'chiyani, chasintha n'chiyani. Pamfuleti muitsegule mutamaliza bukulo, kuti mukangane nayo. Mndandanda wa mabuku a mayeso umasintha, makamaka tsopano pamene maphunziro atsopano a Fomu 1 anayamba mu 2025, choncho funsani aphunzitsi anu musanagule buku kwa amene analemba kale.

Bwanji ndingoonera filimu yake pa YouTube?

Onerani, ngati mabandulo alipo, koma mutawerenga kaye. Opanga mafilimu amadula zochitika, amasintha dongosolo lake, ena amawonjezera zawo. Wochonga mayeso ali ndi buku m'manja, osati filimu.

Ndimalidziwa bwino buku, koma malikisi amakhala ochepa. Ndikulakwitsa pati?

Kawirikawiri mukufotokozanso nkhani m'malo moyankha funso. Wochonga akuidziwa kale nkhaniyo. Akufuna maganizo anu pa chimene wafunsa.

Ganizirani mlandu pabwalo la amfumu. Simungaime n'kunena kuti "Uyu ndi wakuba" n'kukhala pansi. Nduna zikufunsani kuti anaba chiyani, liti, anaona ndani. Simungayambenso kufotokoza mbiri ya mudzi kuyambira pamene unamangidwa. Ndime iliyonse ya yankho lanu ikhale choncho: mfundo imodzi m'chiganizo choyamba, umboni wochokera m'buku, kenaka kumasulira kuti umboniwo ukutsimikiza bwanji mfundoyo. Gawo lachitatuli ndi limene ambiri amalisiya, pomwe ndi limene limasiyanitsa wokhoza bwino ndi wongodutsa. Umboni sukuyenera kukhala mawu oloweza aatali. Kutchula chochitika molondola, kapena timawu tiwiri titatu tenitenito, n'kokwanira. Ngati simukukumbukira bwino mawu ake, fotokozani m'mawu anu, osaika zizindikiro za mawu ogwidwa.

Yang'anitsitsani mneni wa funsolo. Describe akufuna chithunzi. Explain akufuna zifukwa. Discuss akufuna mbali zonse ziwiri, kenaka inu muime mbali imodzi. Compare akufuna zinthu ziwirizo ziyendere limodzi m'ndime iliyonse, osati tsamba la uyu kenaka tsamba la uyo. Lembani za m'buku ngati zikuchitika tsopano, chifukwa nthawi iliyonse bukulo likatsegulidwa zimachitikanso. Akakupatsani kachigawo ka m'buku n'kufunsapo mafunso, yambani mwadzikumbutsa zimene zangochitika kumene kachigawoko kasanafike. Ndipo gawani nthawi molingana ndi malikisi. Ndaona ana ambiri akuthera theka la nthawi pa funso limene amalikonda, lomaliza n'kulisiya ndi mizere iwiri.

Ndi zolakwa ziti za Chizungu zimene ife a kuno timachita kwambiri?

Zambiri zimachokera ku chilankhulo chathu, ndipo si zochititsa manyazi. Zikungosonyeza kuti mutu ukuganiza m'Chichewa, dzanja likulemba m'Chizungu. Ife timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, n'chifukwa chake he ndi she zimasinthana m'kompozishoni imodzi, mayi n'kusanduka bambo pakati pa ndime. Timalemekeza munthu mmodzi pomuchulukitsa, choncho mwana woleredwa bwino amalemba they ponena za atate ake, pomwe Chizungu chimafuna he. Timati "ndibwerekeni", ndiye timalemba borrow me, m'malo mwa lend me. "Kumva" kwathu kumagwira khutu, mphuno ndi khungu, koma Chizungu chimagawa: hear, smell, feel. Timawu ta a ndi the tilibe kwathu, ndiye timatiiwala. L ndi r amatisokoneza polemba, ndipo pray ndi play si chinthu chimodzi.

Mankhwala ake ndi osavuta. Tengani makompozishoni anu atatu ochongedwa, muone cholakwa chimene chikubwerezedwa. Aliyense ali ndi ziwiri kapena zitatu zakezake. Zilembeni m'kati mwa chikuto cha kope, ndipo musanapereke ntchito iliyonse muziiwerenganso kamodzi kusaka zimenezo zokha. Kalembedwe kodula mawu ka pa WhatsApp kasiyeni pafoni.

Nanga zonsezi zikugwirizana bwanji ndi kulemba kalata ya ntchito kapena lipoti?

Zikugwirizana kwambiri. Mnyamata wina wa ku Mchini, amene ndinamuphunzitsapo, anabwera kunyumba madzulo ndi kalata yopempha basale ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu, kuti akaphunzire zamagetsi. Inali ya tsamba limodzi ndi theka. Anayamba ndi moni, n'kufunsa za umoyo wa owerenga, n'kufotokoza za imfa ya atate ake, za matenda a amayi ake, za mvula. Zonse zinali zoona, ndipo zinali zaulemu monga tinaleredwera, pakuti kwathu sufika pakhomo n'kuyamba ndi pempho usanapatsidwe mpando. Koma chimene ankafuna chinali mumzere womaliza. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, amene akawerenge kalatayi wakhala pati, ndipo patebulo pake pali chiyani?" Anaganiza pang'ono n'kuti, "Pali mulu wa makalata ena, aphunzitsi." Ndinamufunsanso kuti munthuyo akudziwa chiyani za iye. Anati palibe. Ndi mafunso omwe aja tinkafunsa pansi pa mango: akumva ndani, akudziwa kale chiyani? Tinailembanso. Chiganizo choyamba chinanena chimene akupempha, kosi yake ndi koleji yake. Ndime yachiwiri inanena zotsatira za mayeso ake. Yachitatu inanena za kunyumba m'mizere itatu. Yonse inakwana theka la tsamba.

Maonekedwe a kalata ya ku ofesi ndi awa: adiresi yanu, tsiku, udindo ndi adiresi ya amene mukumulembera, moni, mutu wa nkhani m'mawu ochepa, kenaka nkhaniyo. Mukayamba ndi Dear Sir kapena Dear Madam, tsekani ndi Yours faithfully. Mukamutchula dzina, tsekani ndi Yours sincerely. Sainani, n'kulemba dzina lanu lonse m'munsi mooneka bwino.

Lipoti limayankha kuti chinachitika n'chiyani, kuti, liti, kwa ndani, ndipo chachitidwapo n'chiyani. Zimene munaona ndi maso zisiyane ndi zimene munangomva. Maminitsi a msonkhano, kaya ndi a kopaletivu ya feteleza kaya a komiti ya kutchalitchi, sasunga mawu onse amene anthu anayankhula. Amasunga amene analipo, zimene anagwirizana, amene wapatsidwa ntchito ndi tsiku loimalizira. Mudzi uliwonse umasowa mlembi wotere, ndipo mwana wa Giledi 12 angathe kuyamba mawa lomwe.

Patchuthi ndimakhala kumudzi, kulibe laibulale. Ndichite chiyani?

Ngati pakhomo pali foni ya intaneti, masewero onse a Shakespeare amapezeka aulere, ndipo mungasunge limodzi m'foni mukafika pamene pali netiweki. Nyuzipepala yakale yokulungira nsomba nayonso ndi Chizungu, iwerengeni mokweza. Koma ntchito imene ndimapatsa ana anga tchuthi chilichonse ndi iyi. Pemphani agogo akuuzeni nthano imodzi. M'mawa mwake ilembeni m'Chizungu monga sewero la masamba awiri, lokhala ndi mayina a oyankhula kumanzere ndi ma stage directions ake. Muikemo malo amodzi pamene oonerera akudziwa chimene Fisi sakudziwa, ndi malo amodzi pamene Kalulu watsala yekha n'kunena zamumtima. Nyimbo ya m'nthanoyo muisiye m'Chichewa. Kenaka sonkhanitsani azing'ono anu madzulo, muwagawire mbali, agogowo muwaikire mpando kutsogolo. Pamene ana asokonezeka kapena agogo apukusa mutu, ikani chizindikiro ndi pensulo, mukalembenso malo amenewo, ndipo kope limenelo mubwere nalo tsiku lotsegulira sukulu.